Update ya Windows Ikaima pa Makompyuta a ku Ntchito: Zizindikiro, Zoyambitsa ndi Zochita

Mwezi ndi mwezi kampani ya Microsoft imatulutsa ma update a chitetezo a Windows pa Lachiwiri limene limagwera pakati pa deti la 8 ndi la 14, ndipo masiku otsatirawo ife othandiza anthu pa za makompyuta timamva dandaulo lomwe lija lakuti update yaima, siyenda kutsogolo komanso sibwerera m'mbuyo. Ndalemba malangizo ano chifukwa funso limeneli ndaliyankha kambirimbiri, ndipo zimandiwawa kuona kompyuta imene inali bwinobwino ikuwonongekera m'manja mwa munthu amene amafuna kuithandiza.

Malangizowa ndi a makompyuta a pa desiki amene amayang'aniridwa ndi bungwe, ndiye kuti amene ali mu domain (netiweki ya bungwe yolamuliridwa kuchokera pa seva) kapena amene amalandira malamulo kuchokera ku WSUS, Configuration Manager kapena Intune, zimene ndi zida za Microsoft zoyang'anira makompyuta ndi kugawa ma update. Kompyuta yotereyi sisankha yokha update yoti itenge, nthawi yoitengera, ngakhalenso kumene ikaitenge. Pa chifukwa chimenechi, zambiri zimene zimaoneka ngati kuima zimakhala kudikira: ikudikira seva imene sikuyankha, chilolezo chimene woyang'anira sanapereke, ola limene linaikidwa, kapena kuyambitsidwanso. Ntchito yanu yoyamba ndi kupeza chimene ikudikiracho. Nzeru zambiri zopezeka pa intaneti zinalembedwera kompyuta ya kunyumba, ndipo zina mwa izo, monga kufufuta malamulo mu registry (nkhokwe ya makonzedwe a Windows), zimachotsa kompyuta m'manja mwa woiyang'anira popanda kuthetsa vuto lenileni.

## Musanakhudze chilichonse

Kodi yaimadi, kapena ikungochedwa? Nambala ya peresenti imene ili pa sikirini si wotchi, ndipo imatha kukhala malo amodzi kwa nthawi yaitali ntchito ikuyenda kuseri. Tsegulani Task Manager pokanikiza Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, ndipo muone ngati TiWorker.exe, pulogalamu imene imaika ma update, ikugwiritsa ntchito disiki kapena purosesa. Onaninso fayilo ya `C:\Windows\Logs\CBS\CBS.log`, ngati nthawi imene yalembedwamo komaliza ikusunthira kutsogolo, update ili moyo ndipo muisiye. Ineyo sinditchula update kuti yaima ola limodzi lisanakwane pa kompyuta ya SSD, kapena maola atatu asanakwane pa hadi disiki yakale yozungulira ija.

Kodi ndi kompyuta imodzi kapena ambiri? Funsani a pa desiki loyandikana nalo. Makompyuta asanu akaima pa update imodzimodzi tsiku lomwelo, vuto liri ku seva, ku netiweki kapena ku update yeniyeniyo, ndipo kukonza kompyuta imodziimodzi n'kutunga madzi ndi dengu.

Kodi akuilamulira ndani? Lamulo la `gpresult /h lipoti.html`, lolembedwa mu Command Prompt, limakulemberani malamulo onse a bungwe, otchedwa Group Policy, amene akugwira pa kompyutayo, pomwe `dsregcmd /status` limasonyeza kumene kompyutayo inalembetsedwa. Dzina la seva ya WSUS limapezeka mu registry pa `HKLM\SOFTWARE\Policies\Microsoft\Windows\WindowsUpdate`, pa mzere wa WUServer. Pamenepa mungowerenga, musasinthe kanthu.

Lembani papepala nambala ya vuto yoyamba ndi 0x, nambala ya update yoyamba ndi KB, ndi mtundu wa Windows umene lamulo la `winver` likuonetsa. Ngati disiki ndi yotsekedwa ndi BitLocker, tsimikizani kuti kiyi yake yotsegulira, ya manambala 48, ikupezeka kwa woyang'anira musanachite chilichonse chokhudza kuyaka kwa kompyutayo.

## Chizindikiro choyamba: kufufuza ma update sikutha

Timadontho tikungozungulira pansi pa mawu akuti Checking for updates, kapena kufufuzako kukuthera pa nambala ya vuto. Zoyambitsa zake ndi izi, kuyambira chimene chimachitika kawirikawiri.

1. Kompyuta sikufika ku seva. WSUS imalankhula pa port 8530, kapena 8531 ngati pali satifiketi. Mu PowerShell lembani `Test-NetConnection dzina-la-seva -Port 8530`. Nambala ya 0x8024402c imatanthauza kuti dzina la seva silikudziwika, choncho onani za DNS, imene imamasulira mayina a makompyuta kukhala maadiresi, pomwe 0x80072ee2 imatanthauza kuti kompyuta inaitana mpaka nthawi kutha osayankhidwa. Yambani ndi chingwe cha netiweki, kenako firewall.

2. Seva ya WSUS yalemedwa. Ichi ndicho chimene chimaimitsa makompyuta ambiri nthawi imodzi, ndipo nambala yake ndi 0x80244022, imene imafanana ndi yankho la 503 la ku seva. WSUS imayenda pamwamba pa IIS, pulogalamu ya Microsoft yoyendetsa mawebusaiti pa seva, m'gawo lotchedwa WsusPool, ndipo gawo limeneli limabwera ndi malire a memori a 1,843,200 KB, amene amachepa msanga pa seva imene yasunga ma update a zaka zambiri. Makompyuta onse akayamba kufunsa m'mawa, gawolo limadzaza ndi kugwa, limadzuka ndi kugwanso, mpaka IIS imaliimitsiratu. Pa kompyuta ya pa desiki palibe choti mukonze. Woyang'anira seva ayenera kukweza malire a memori, kuyatsanso WsusPool, kukana ma update akale amene alowedwa m'malo ndi atsopano, ndi kuyendetsa Server Cleanup Wizard mwezi uliwonse. Seva ya WSUS yosasesedwa imadwala matenda amodzimodziwa chaka ndi chaka. Nambala ina yoyandikana nayo, 0x80244010, imaonekera pa kompyuta imene yangoikidwa kumene kapena imene yakhala yothimitsidwa miyezi yambiri. Imeneyi ingoiuzani ifufuzenso kawiri kapena katatu, chifukwa imapitiriza pamene inalekezera.

3. Proxy, seva imene kompyuta imadzerako popita pa intaneti. Anthu amandiuza kuti intaneti ikugwira chifukwa mawebusaiti akutseguka, koma umenewo si umboni wokwanira. Update imayenda m'dzina la kompyuta, pomwe mawebusaiti amatseguka m'dzina la munthu amene walowa, ndipo awiriwa akhoza kukhala ndi njira zosiyana. Lamulo la `netsh winhttp show proxy` limaonetsa njira ya kompyutayo. Zipangizo za chitetezo zimene zimatsegula ndi kuunika mauthenga obisidwa nazonso zimasokoneza kulumikizana ndi maseva a Microsoft, ndipo woyang'anira netiweki ndiye angazipatule.

4. Wotchi yasokonekera. Nambala ya 0x80072f8f kawirikawiri imaloza ku deti lolakwika, chifukwa satifiketi imakanidwa wotchi ikamanama. Mu domain, kusiyana kopitirira mphindi 5 kumalepheretsanso kudziwana kwa kompyuta ndi seva. Lembani `w32tm /resync`. Ngati deti likubwerera m'mbuyo nthawi iliyonse kompyuta ikachotsedwa ku magetsi, kabatire kozungulira ka pa motherboard katha ndipo kayenera kusinthidwa.

5. Service ina, kutanthauza pulogalamu ya Windows yoyenda kuseri, inathimitsidwa. Nambala yake ndi 0x80070422. Mu `services.msc` onani Windows Update, Background Intelligent Transfer Service, Cryptographic Services ndi Update Orchestrator Service, ndipo pasapezeke ina yolembedwa Disabled. Ikathimitsidwanso yokha mutaiyatsa, pali lamulo kapena pulogalamu imene ikuithimitsa dala, ndipo zimenezo mukanene.

6. Foda ya SoftwareDistribution, mmene Windows imasungiramo ma update amene yatenga, yawonongeka. Ndaiika pamapeto mwadala, chifukwa anthu ambiri amayambira apa pamene vuto liri kwina. Zina zonse zikakanika, tsegulani Command Prompt posankha Run as administrator, imitsani ma service a `wuauserv`, `bits` ndi `cryptsvc` ndi lamulo la `net stop`, kenako sinthani mayina a mafoda a `C:\Windows\SoftwareDistribution` ndi `C:\Windows\System32\catroot2` powonjezera mawu akuti old, n'kuyatsanso ma service atatuwo. Kusintha dzina kumakusiyirani njira yobwerera, pomwe kufufuta sikutero. Mndandanda wa ma update akale ukhoza kuoneka wopanda kanthu pambuyo pake, koma ma update amene anaikidwa kale amakhala alipo ndithu.

## Chizindikiro chachiwiri: dawunilodi yaima pa 0 peresenti kapena panjira

1. Disiki yadzaza. Nambala yake ndi 0x80070070, ngakhale nthawi zina dawunilodi imangoima osanena kanthu. Makompyuta ogwiritsidwa ntchito ndi anthu ambiri ndiwo amadzaza msanga, chifukwa aliyense amene analowapo, ngakhale kamodzi kokha, anasiya foda yake. Gwiritsani ntchito Disk Cleanup, ndiponso lamulo la `DISM /Online /Cleanup-Image /StartComponentCleanup`. Musafufute ndi manja kalikonse mu foda ya `C:\Windows\WinSxS`, ngakhale ioneke yaikulu chotani, popeza m'menemo ndimo muli zidutswa zimene Windows imamangidwira. Foda ya `ccmcache` ya Configuration Manager nayonso iyeretsedwe kudzera mu Control Panel.

2. Update yavomerezedwa koma mafayilo ake sanafike pa seva. Kompyuta imauzidwa kuti kuli update, imapita kukaitenga, n'kupeza kulibe. Pa WSUS izi zimabweretsa 0x80244019, yofanana ndi yankho la 404. Pa Configuration Manager dawunilodi imakhala pa 0 peresenti masiku ambiri ngati mafayilo sanatumizidwe ku distribution point, seva imene makompyuta amatengako mafayilowo, kapena ngati adiresi ya IP ya kompyutayo siili mu boundary group iliyonse (gulu la maadiresi lolozera kompyuta ku seva yake), zimene zimachitika kawirikawiri ofesi ikatsegula chipinda chatsopano ndi netiweki yatsopano. Mafayilo a LocationServices.log ndi CAS.log mu `C:\Windows\CCM\Logs` amaulula zimenezi mosabisa. Wokonza ndi woyang'anira seva.

3. Liwiro linachepetsedwa dala. Mabungwe ambiri amaika lamulo lochepetsa liwiro la dawunilodi m'maola a ntchito kuti netiweki isatsamwe. Lamulo la `Get-DeliveryOptimizationStatus` limaonetsa kuchuluka kwa zimene zalowa. Liyendetseni kawiri motalikitsa mphindi khumi, ndipo nambala ikakwera, palibe chimene chaima. Makompyuta amagawirananso ma update pa port 7680, ndipo ikatsekedwa iliyonse imakatenga yokha kutali.

4. Netiweki inalembedwa kuti ndi metered, kutanthauza ya data yokhala ndi malire. Windows imachepetsa kugwiritsa ntchito data pa netiweki yotere ndipo imasiya ma update ena. Onani mu Settings pa gawo la netiweki.

5. Kompyuta sipatsidwa mpata. Ngati imagona pakangopita mphindi zochepa, kapena imathimitsidwa pa khoma aliyense akamaweruka, dawunilodi yaikulu singathe. Isiyeni yoyaka usiku umodzi.

## Chizindikiro chachitatu: kuika kukulephera, ndipo update yomweyo ikubwerabe

Apa dawunilodi yatha, koma kuika kumafika penapake n'kugwa, ndipo mawa lake update yomweyo yabweranso.

1. Pali ntchito ina imene ikudikira kuyambitsidwanso. Pulogalamu kapena update ina ikhoza kukhala itaikidwa theka. Sankhani Restart kamodzi, kenako yesaninso. Ndi njira yosavuta kwambiri, ndipo imathetsa milandu yambiri kuposa ina iliyonse m'gawo lino.

2. Zidutswa za Windows zawonongeka. Manambala ake ndi 0x80073712 ndi 0x800f081f. Mankhwala odziwika ndi `DISM /Online /Cleanup-Image /RestoreHealth`, kenako `sfc /scannow`, motsatana choncho, chifukwa lachiwirilo limatenga mafayilo abwino ku nkhokwe imene loyambalo lakonza. DISM imakonda kukhalitsa cha pa 62 peresenti, ndipo musaitseke. Pa kompyuta yoyang'aniridwa pali msampha umene malangizo a kunyumba satchula: DISM imakafuna mafayilo okonzera kumene kompyuta imatenga ma update, ndipo ngati kumeneko ndi ku WSUS, nthawi zambiri imabwerako chimanjamanja n'kupereka 0x800f081f. Munthu wosadziwa amaganiza kuti Windows yafa, chonsecho yangosowa kokatenga. Njira zilipo ziwiri. Woyang'anira akhoza kuyatsa lamulo la Group Policy lotchedwa Specify settings for optional component installation and component repair, limene limalola kompyuta kukatenga mafayilo okonzera ku Windows Update mwachindunji, kapena inuyo mukhoza kuilozera ku fayilo ya ISO ya Windows, imene imakhala ndi mafayilo onse oikira Windows, powonjezera `/Source` ndi `/LimitAccess`. Fayilo ya ISO ikhale ya mtundu ndi chinenero chofanana ndi Windows imene ili pa kompyutayo, apo ayi mungotaya nthawi.

3. Timagawo tating'ono ta disiki tadzaza. Kupatula gawo la C, disiki ili ndi timagawo tobisika ta zoyatsira ndi zokonzera kompyuta. Nambala ya 0x800f0922 imaonekera kawirikawiri kagawo ka zoyatsira kakadzaza. Mu Januwale 2024 update ya KB5034441 inalephera pa makompyuta ochuluka a Windows 10 ndi nambala ya 0x80070643, chifukwa inkafuna malo a 250 MB m'kagawo ka zokonzera, amene makompyuta ambiri analibe. Kukulitsa timagawo timeneti ndi ntchito ya katswiri amene wayamba wakopera mafayilo onse pamalo ena.

4. Pulogalamu ya chitetezo ikutsekereza. Antivayirasi kapena pulogalamu yobisa mafayilo imene yatsalira m'mbuyo ikhoza kugwira fayilo imene update ikufuna kusintha, ndipo nthawi zina zimaonekera ngati 0x80070005. Musaithimitse pa nokha. Pemphani oyang'anira chitetezo kuti aikweze kapena aipumitse iwowo.

5. Disiki ikufa. Izi sizichitika kawirikawiri, koma ndizo zoopsa. Mu Event Viewer, pansi pa System, fufuzani mauthenga ochokera ku disk okhala ndi nambala 7, 51 kapena 153. Mukawapeza ambiri, lekani zonse, chifukwa DISM ndi update zimagwiritsa ntchito disiki mwamphamvu ndipo zikhoza kuimaliza. Koperani kaye mafayilo a munthuyo.

## Chizindikiro chachinayi: mawu akuti Pending restart sakuchoka

Choyambitsa chachikulu ndi kusiyana kwa Shut down ndi Restart. Pa kompyuta imene Fast Startup ndi yoyatsa, Shut down sithimitsa Windows kotheratu koma imaigoneka, ndipo ma update ena sangamalizike mwa njira imeneyo. Munthu amalumbira kuti amathimitsa kompyuta madzulo aliwonse, ndipo akunena zoona, koma mukatsegula Task Manager pa gawo la Performance mupeza kuti Up time yafika masiku makumi atatu. Sankhani Restart kapena Update and restart.

Chachiwiri ndi malamulo a bungwe. Maola a ntchito amene Windows saloledwa kuyambitsanso kompyuta akhoza kufika 18 pa tsiku, ndipo pali lamulo lina loletsa kuyambitsanso munthu akadali wolowa, choncho amene amangotseka sikirini n'kumapita kwawo amaimitsa update osadziwa. Pa Configuration Manager, kompyuta imadikira maintenance window, nthawi imene woyang'anira anaika yoikira ma update, ndipo ngati nthawi imeneyo ndi ya pakati pa usiku pamene kompyuta imakhala yothimitsidwa, idzadikira mpaka kalekale.

Mawuwo akatsalabe mutayambitsanso kawiri, bwererani ku chizindikiro chachitatu. Mudzawerenga kwina kuti mufufute makiyi a RebootPending ndi RebootRequired mu registry. Kutero kumangochotsa mawuwo pa sikirini, ntchito yosamalizika ija ili pomwepo.

## Chizindikiro chachisanu: sikirini ya Working on updates yaima, kapena kwangoti bii

Apa ndi pamene makompyuta ambiri amavulazidwira, chifukwa munthu alibe chowerenga kupatula nambala yosasuntha, ndipo ntchito ikumudikira. Tsiku lina ndinaitanidwa mu ofesi ina kumene mayi wina wowerengera ndalama anali ndi malipoti oti apereke masana omwewo. Ndinawapeza ataimirira kumbuyo kwa desiki, chingwe cha magetsi chili m'manja. Anandifotokozera mwaulemu kuti kompyuta inafika pa 30 peresenti n'kuthima yokha, itayakanso inabwerera pa sikirini yomweyo, ndipo iwo anazula chingwe katatu kuti aidzutse. Sanadziwe kuti Windows imayambiranso yokha cha pa 30 peresenti monga mwa dongosolo lake. Pamene ndimafika n'kuti kompyutayo ikukana kuyaka, ndipo tinataya tsiku lathunthu. Sindinawaimbe mlandu, popeza palibe amene anawauzapo zimenezi.

Musanaganize zothimitsa, onani izi:

- Ngati kanyali ka disiki kutsogolo kwa kompyuta kakuphethira, ntchito ikuyenda.
- Kanikizani Caps Lock. Ngati kanyali kake kakuyaka ndi kuthima, kompyuta sinaume.
- Kuchokera pa kompyuta ina, woyang'anira akhoza kuyesa `ping`, ndipo nthawi zina akhoza kutsegula CBS.log kudzera pa netiweki n'kuona ngati ikukula.
- Ngati sikirini ndi yakuda, yesani kulowetsa chingwe cha sikirini pa malo ena, kapena kanikizani Windows, Ctrl, Shift ndi B pamodzi kuti driver ya zithunzi, pulogalamu imene imayendetsa sikirini, idzuke.
- Zulani zonse za USB kupatula kiyibodi ndi mausi.

Zoyambitsa, motsatana, ndi disiki yochedwa imene ikungofuna nthawi, chipangizo cha USB chimene chikusokoneza, driver imene yakangana ndi update, ndipo pamapeto penipeni disiki kapena memori yowonongeka.

Mukaona mawu akuti Undoing changes made to your computer, dziwani kuti Windows ikudzibweza yokha pamene inali, ndipo muilole imalize ngakhale iyambirenso kangapo. Ikakulolani kulowa, tengani nambala ya vuto mu Update history.

Ngati papita maola atatu kanyali ka disiki kali zii, Caps Lock sikuyankha, ndipo kiyi ya BitLocker muli nayo m'manja, mukhoza kugwira batani loyatsira mpaka kompyuta ithime, n'kuiyatsanso. Chitani zimenezi kamodzi kokha. Ikakanika kuyaka, imalowa yokha m'gawo la zokonzera, mmene mungasankhe Troubleshoot, kenako Advanced options, Uninstall Updates, ndi Uninstall latest quality update. Musasankhe Reset this PC, chifukwa imachotsa mapulogalamu a bungwe ndipo ikhoza kuchotsa mafayilo. Ngati magetsi amathimathima kumene muli, musayambe update yaikulu pa kompyuta yopanda UPS, batire losunga magetsi akathima.

## Chizindikiro chachisanu ndi chimodzi: Windows yatsopano sikubwera, kapena ikubwerera m'mbuyo

Ngati update yaikulu yosintha mtundu wa Windows sikuoneka n'komwe, kawirikawiri ndi dala. Bungwe likhoza kuichedwetsa mpaka masiku 365, kapena kukhomerera makompyuta pa mtundu umodzi ndi lamulo la TargetReleaseVersion. Microsoft nayo imaimitsa update pa makompyuta amene ali ndi driver kapena pulogalamu yodziwika kuti ikubweretsa vuto, mpaka vutolo litakonzedwa, ndipo kuilambalala njira imeneyi n'kudziputira mavuto. Komanso Windows 11 imafuna TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo ka mu kompyuta), UEFI yotha Secure Boot, memori ya 4 GB, disiki ya 64 GB ndi purosesa yovomerezeka. Nthawi zina TPM imakhalapo koma yothimitsidwa mu BIOS. Kumbukirani kuti Windows 10 wamba inasiya kulandira ma update aulere pa 14 Okutobala 2025, ndipo kompyuta yotsalira pamenepo imafunika kulembetsedwa mu ndondomeko ya Extended Security Updates kuti ipitirize kulandira ma update a chitetezo.

Ngati ikuyamba koma n'kubwerera, nambala ya 0xC1900101 imaloza ku driver, makamaka ya disiki, ya netiweki, ya zithunzi kapena ya pulogalamu ya chitetezo, pomwe 0xC1900208 imaloza ku pulogalamu yosagwirizana ndi Windows yatsopanoyo. Pulogalamu ya SetupDiag imawerenga mafayilo a setupact.log ndi setuperr.log a mu `C:\$WINDOWS.~BT\Sources\Panther` n'kukuuzani chimene chapunthwitsa. Kwezani BIOS ndi ma driver kuchokera kwa amene anapanga kompyutayo, kudzera m'njira yovomerezeka ya bungwe lanu. Update yaikulu ikatheka, mumakhala ndi masiku 10 obwerera ku Windows yakale, choncho foda ya Windows.old musaifufute masiku amenewa asanathe.

## Chizindikiro chachisanu ndi chiwiri: kompyuta ikuti ili bwino, koma yatsalira miyezi

Chizindikiro ichi ndimachiopa kuposa zonse, chifukwa palibe amene amadandaula. Mawu akuti You're up to date amangotanthauza kuti kumene kompyuta yafunsa kulibe chatsopano choipatsa. Tsegulani Update history ndi kuona deti la update yomaliza ya chitetezo. Ngati lapitirira miyezi iwiri, pali vuto.

1. Update sinavomerezedwe, kapena kompyuta ili m'gulu lolakwika. Pa WSUS, kompyuta yotsalira mu Unassigned Computers ikhoza kukhala osalandira kanthu ngati ma update amavomerezedwa kwa magulu ena okha.

2. Lamulo lakale likutsutsana ndi latsopano. Mu Seputembala 2024 Microsoft inalengeza kuti sidzawonjezeranso zatsopano pa WSUS, ngakhale ikugwirabe ntchito, ndipo mabungwe ambiri akusamukira ku Intune. Pa kusamuka koteroko lamulo lakale la Group Policy limatha kutsalira, n'kumalozerabe kompyuta ku seva imene palibenso akuisamalira. Mukapeza WUServer pa kompyuta imene imayenera kumvera Intune, musaifufute mu registry, chifukwa ibweranso pakangopita nthawi yochepa. Lamulolo lichotsedwe kumene likuchokera.

3. Update inapumitsidwa. Kupumitsa kumafika masiku 35, ndipo woyang'anira akhoza kukhala atapumitsa gulu lonse n'kuiwala.

4. Mtundu wa Windows unatha nthawi yake. Onani `winver`.

5. Makompyuta angapo ali ndi nambala imodzi yowadziwitsa kwa seva, yotchedwa SusClientId. Ndinakumanapo nazo m'chipinda chophunziriramo chimene makompyuta ake onse anakoperedwa kuchokera ku kompyuta imodzi. Pa seva pankaoneka kompyuta imodzi yokha, imene dzina lake linkasinthasintha: m'mawa ndi ya pa khomo, masana ndi ya pa windo. Onse anatengera SusClientId imodzi, ndipo seva inkawaona ngati kompyuta imodzi. Lipoti linkaoneka lokongola pamene makompyuta enawo sankawerengedwa n'komwe. Pa kompyuta iliyonse tinaimitsa `wuauserv`, tinachotsa SusClientId ndi SusClientIdValidation pa `HKLM\SOFTWARE\Microsoft\Windows\CurrentVersion\WindowsUpdate`, n'kuyatsanso service ija, ndipo pofika mawa lake onse anaonekera pa seva, iliyonse ndi dzina lake. Iyi ndi ntchito ya woyang'anira, ndipo Windows imene inakoperedwa pa makompyuta onsewo iyenera kukonzedwanso kuti vutolo lisabadwenso.

## Pamene muyenera kuima ndi kuitana katswiri

Lekani kukonza ndipo itanani woyang'anira makompyuta kapena katswiri pa zochitika izi:

- Kompyuta ikufunsa kiyi ya BitLocker ndipo inu mulibe.
- Yalephera kuyaka mutaithimitsa mokakamiza kamodzi, ndipo kuchotsa update yomaliza sikunathandize.
- Disiki ikulira mwachilendo, kapena Event Viewer yadzaza ndi mauthenga a disk.
- Vuto limodzi laonekera pa makompyuta atatu kapena kuposerapo.
- Chotsatira chake n'kusintha registry, BIOS, magawo a disiki, kapena malamulo a bungwe.
- Ma service akuthimitsidwa okha, kapena antivayirasi yathima popanda woithimitsa, zimene zikhoza kukhala ntchito ya vayirasi. Pamenepa zulani chingwe cha netiweki, koma kompyuta muisiye yoyaka.
- Kompyutayo imayendetsa makina, za odwala kapena za malipiro, kapena ili ndi mafayilo amene sanakoperedwe kwina kulikonse.

Pomuitana, mupatseni dzina la kompyuta, zimene `winver` yaonetsa, nambala ya KB, nambala ya vuto, ola limene update inayamba, ndi chithunzi cha sikirini chojambula ndi foni. Ngati mungathe kulowa, lamulo la `Get-WindowsUpdateLog` mu PowerShell limapanga fayilo ya WindowsUpdate.log pa Desktop, ndipo muitumize pamodzi ndi CBS.log. Muuzeni zonse zimene mwayesa kale popanda kubisa, kuphatikizapo kangati mwaithimitsa mokakamiza, chifukwa yankho limeneli ndilo limamuuza ngati ayambe ndi kukonza Windows kapena kupulumutsa mafayilo. Pomudikira, isiyeni kompyutayo yoyaka monga ilili, ndipo mumate kapepala pa sikirini kolembedwa kuti aliyense asaithimitse, kuti wosesa kapena womaliza kutuluka madzulo asaizule pa khoma.